Hackintosh, Mac ya kaunjika kapena yobwereka: kupeza macOS muno mu Lilongwe

Mwezi sutha osabwera munthu ndi laputopu m'chikwama, funso lili lomwelo: "Achimwene, simungandiikireko macOS umu?" Ena ndi anyamata ojambula maukwati ndi zinkhoswe amene aona Final Cut Pro, pulogalamu yokonzera vidiyo, kwa mnzawo n'kutengeka nayo. Ena ali ndi kasitudiyo ka nyimbo kuseri kwa nyumba ku Area 25 kapena ku Kawale, akufuna Logic Pro. Ena ndi olemba mapulogalamu a foni amene app yawo ya Android yatha bwinobwino, koma kasitomala akuti akufunanso ya iPhone, ndipo kumeneko sufikako popanda Xcode, pulogalamu ya Apple yomangira ma app. Mapulogalamu atatuwa sayenda pa Windows, pomwe ndalama yogulira Mac yatsopano wina atha kukumbira maziko a nyumba.

Kuika macOS, sisitimu ya makompyuta a Mac, pa kompyuta yosapangidwa ndi Apple ndiko kumene anthu amati Hackintosh. Zimatheka, ine ndaikapo kangapo. Koma musanatulutse ndalama, dziwani kaye kumene nkhaniyi idachokera. Mu 2005 Steve Jobs adalengeza kuti Mac isiya mapurosesa a PowerPC n'kuyamba a Intel. Kuyambira 2006 zam'mimba mwa Mac zidafanana ndi za Dell kapena HP, ndiye anthu adangopeza njira yonamizira macOS kuti ili kwawo. Mu Novembala 2020 Apple idatulutsa tchipu yakeyake, M1, yomwe simungaigule padera n'kuiika pa bodi yanu. Mac yomaliza ya Intel idasiya kugulitsidwa mu Juni 2023, ndipo mu Juni 2025 Apple idanena poyera kuti macOS 26, Tahoe, ndiyo yomaliza kuyenda pa Intel. Hackintosh imadyera pa ma driver a ma Mac a Intel; iwo akamasiyidwa, nayonso ikusiyidwa tsiku lomwelo. Kuyaka iyaka. Choti muwerengere ndi zaka zimene ikugwirireni ntchito, ndi munthu amene mudzamuthamangire ikadzakana Lachisanu usiku ntchito ya Loweruka isanathe.

## Zoyesera zinayi

Njira iliyonse yopezera macOS ndiiyesa pa zinthu zinayi izi.

Mtengo. Osati wa pa shelefu wokha. Werengerani zigawo zimene musinthe kuti macOS izilandire, bandulo yotsitsira sisitimu yomwe imadya ma GB oposa 12 ulendo umodzi, mayunitsi a magetsi, ndi masiku amene simugwira ntchito chifukwa muli pa makina kukonza. Mitengo ndiitchula m'madola monga opanga adaikira, popeza ya makwacha sikhazikika. Tonse tikukumbukira mmene katundu wakunja adadumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kupezeka. Kodi chinthucho mungachigwire ndi manja lero m'mashopu a ku Area 2 ndi Area 3 kapena kwa ogulitsa pa Facebook, kapena mudikira wachibale wochokera ku Joni kapena ku UK?

Kusamalira. Akonza ndani, update ikabwera chichitika n'chiyani, ndipo makinawo apirira bwanji kuthimathima kwa magetsi ndi fumbi la mu Okutobala?

Ziopsezo. Malamulo, kuberedwa pogula, kutaya ntchito ya kasitomala, ndi tsiku limene makinawo adzatsalire m'mbuyo.

Tsiku limeneli silifika nthawi imodzi kwa onse. Woimba atha kukhala pa Logic ya zaka zisanu zapitazo nyimbo n'kumatuluka bwino. Wolemba ma app alibe ufulu umenewo: chaka ndi chaka App Store imakweza malire. Kuyambira Epulo 2025 idafuna Xcode 16, malire a Epulo 2026 ndi Xcode 26, ndipo Xcode 26 imafuna macOS Sequoia 15.6 kupita m'mwamba. Makina amene aima pa macOS yakale, kwa munthu ameneyu afa ngakhale akuyakabe.

## Hackintosh ya pa tebulo

Ngati pali Hackintosh imene ndingaiikire kumbuyo ndi iyi. Kompyuta ikamayaka imayamba yadutsa pa kapulogalamu kotchedwa OpenCore, kamene kadalowa m'malo mwa Clover ndi Chameleon wakale uja. OpenCore amauza macOS kuti makinawa ndi iMac kapena Mac Pro, n'kulowetsa ma kext, omwe ndi ma driver a macOS: VirtualSMC amayerekeza tchipu ya SMC imene ili mu Mac yeniyeni, Lilu ndi WhateverGreen amakonza zithunzi, AppleALC mawu, IntelMausi intaneti ya waya. Zonsezi zimamvera fayilo imodzi, config.plist, ndipo mzere umodzi wolakwika mmenemo ukupatsani sikirini yakuda bii.

Mtengo. macOS ndi OpenCore zimatsitsidwa ulere, ndalama ili pa zitsulo. Njira yotsika ndi makompyuta a m'maofesi obwera ngati kaunjika: Dell OptiPlex 7060 kapena 7070, HP EliteDesk 800 G4 kapena G5, a purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena 9. Graphics za m'kati mwa mapurosesa amenewa, UHD 630, macOS imazidziwa chifukwa Mac mini ya 2018 idali ndi zomwezo. Onjezerani RAM ifike 16 GB, mugulenso SSD yoti mukhale macOS yokha.

Wa vidiyo afunika graphics card, ndipo apa mpamene ambiri amawotcha ndalama. NVIDIA muiwale: ma driver amene ankatulutsira Mac adathera pa macOS High Sierra ya 2017, moti GTX 1050, GTX 1660 kapena RTX iliyonse pa macOS yamakono ndi chitsulo chongotenthetsa bokosi. Zoyenda ndi za AMD: RX 570, RX 580, RX 5700, RX 6600, RX 6800. RX 6700 XT ndi za 7000 zonse Apple sidazilembere driver. Komanso tima OptiPlex tating'onoting'ono sitilandira khadi yaikulu ngati RX 580, malo mulibe ndipo power supply yake ndi yochepa. Mukafuna khadi yotero ndiye kumanga kompyuta kuyambira pa bokosi, ndipo mukaphatikiza bodi, purosesa, RAM, khadi ndi UPS (batire losunga kompyuta magetsi akathima), mupeza mwayandikira mtengo wa Mac mini ya kaunjika.

Kupezeka. OptiPlex ndi EliteDesk sizisowa mu tauni muno, zigawo zake nazonso. Zosowa ndi makadi a AMD, chifukwa ochita magemu adadzaza msika ndi NVIDIA. RX 580 zambiri za kaunjika zidatopa kale ndi kukumba crypto usana ndi usiku, ndipo pali mtundu wina wotchipa wa ku China, RX 580 2048SP, umene macOS siuzindikira mpaka muunamizire kaye. Wogulitsa akati "ndi i7 bwana, yamphamvu", funsani nambala yonse. i7-3770 ndi ya 2012, ilibe AVX2, luso la m'kati mwa purosesa limene macOS idayamba kufuna kuyambira pa Ventura ya 2022. Kumtunda nakonso kuli khoma: graphics za m'kati mwa Intel wa m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo macOS sizidziwa n'komwe, popeza Apple idali itachoka kale kwa Intel, ndiye pamenepo khadi ya AMD ndi yokakamiza. Ryzen imayenda ndi zigamba zapadera, koma mapulogalamu a Adobe ndi Docker amavuta. Tsegulaninso bokosi muone SSD: Samsung PM981, yomwe imabwera m'makina ambiri a m'maofesi, imagwetsa macOS pafupipafupi.

Kusamalira. Apa ndiye pagona ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ulendo woyamba mudzatha Loweruka ndi Lamulungu, mwinanso sabata, muli pa malangizo a pa intaneti a gulu la Dortania, onse a m'Chingerezi cha akatswiri. Ngakhale mabowo a USB amafuna kuwerengedwa limodzilimodzi, chifukwa macOS imalola 15 okha pa controller imodzi. Ikayaka sikuti mwamaliza. Update isanalowe, muyambe mwakweza OpenCore ndi ma kext, ndipo foda ya EFI (yosunga OpenCore ndi ma kext) imene ikugwira ntchito muikopere pa fulashi yosungidwa m'dirowa. Apple sikuganizirani pochotsa ma driver: macOS Sonoma itatuluka mu 2023 idataya makadi a Wi-Fi a Broadcom, ndipo amene adaitanitsa dala khadi ya Fenvi T919 kuti AirDrop, njira ya Apple yotumizirana mafayilo popanda waya, iziyenda adadzuka alibe Wi-Fi mpaka ataika zigamba zina.

Mnyamata wina wa ku Area 23 adandipeza Lachinayi madzulo thukuta lili kamukamu. Adadina update poyesa ndi zonga za pa foni, kompyuta n'kuima pa chizindikiro cha apulo, m'kati muli vidiyo ya ukwati imene eni ake adalipira kale. "Akulu, ndithandizeni, ankhoswe akundiimbira ola lililonse." Amene adamuikira anali atasamukira ku Mzuzu, fulashi ya EFI panalibe. Tidachotsa SSD n'kukaiwerengera pa Mac ya mnzanga. Ntchito idapulumuka, koma masiku awiri adapita. Power supply kapena RAM aliyense wokonza makompyuta asintha, owerenga config.plist mu Lilongwe ndi owerengeka, ndipo wodalirika kwambiri pa iwo muyenera kukhala inu mwini.

Za magetsi: RX 580 yokha ikamagwira ntchito imakoka mawati pafupifupi 185, osawerengera purosesa ndi sikirini. Pa inveta yaing'ono ya sola simufika nayo patali, ndipo popanda UPS magetsi akathima mwadzidzidzi mutha kuononga mafayilo.

Ziopsezo. Laisensi ya macOS imalola kuiika pa makina a Apple okha. Mlandu wodziwika ndi wa Psystar, kampani ya ku Florida imene idayamba kugulitsa makompyuta oika kale Mac OS X mu 2008. Apple idasuma chaka chomwecho, khoti lidaweruza mokomera Apple mu Novembala 2009, ndipo Psystar idaletsedwa kotheratu. Umenewo udali mlandu wa wogulitsa, osati wa munthu wodziikira kunyumba, koma kuphwanya laisensi kulipo ndithu, ndipo Apple sidzakuthandizani pa vuto lililonse. Chiopsezo cha pafupi kwambiri ndi ma distro, macOS yosinthidwa kale imene anthu amagawana pa fulashi kuti "ingoyaka". Simudziwa amene adaisintha, simudziwa chimene adabisamo, koma mudzalembamo pasiwedi ya ku banki. Tsitsani kwa Apple komweko. iMessage ndi iCloud zimafuna siriyo nambala yopeka bwino, ndipo akaunti yanu ya Apple itha kutsekedwa ikaoneka yokayikitsa, choncho poyesa musayambire akaunti imene ili pa iPhone yanu. Za moyo wake, Tahoe idatuluka mu Sepitembala 2025 ndipo Apple idalonjeza ma Mac a Intel zaka zitatu za ma update a chitetezo. Kupitirira apo palibe.

## Hackintosh ya laputopu

Ambiri obwera kwa ine amafuna iyi, ndipo ambiri ndimawabweza.

Mtengo. Ngati laputopu muli nayo kale ndipo ndi yoyenera, mtengo ndi bandulo ndi nthawi. Ngati mukuti mukagule dala yoti muikemo macOS, bwezani ndalama m'thumba muyambe mwawerenga za MacBook ya kaunjika m'munsimu.

Kupezeka. ThinkPad T480, Dell Latitude 7490 ndi HP EliteBook 840 G5 zimapezeka kwa ogulitsa za ex-UK. Zambiri ndi za m'badwo wa 8 ndi graphics za UHD 620, ndipo anthu ambiri adadutsa kale njira imeneyi. Pa laputopu graphics simungasinthe, ndiye nambala ya purosesa ndiyo iweruza mlandu: i5-8350U ndi m'badwo wa 8, i5-10210U wa 10, zonsezi zitheka, i5-1135G7 ndi wa 11, nkhani yathera pomwepo. Laputopu ya magemu ndiye yokhumudwitsa koposa. Khadi ya NVIDIA imene mudailipirira ndalama zambiri iyenera kuzimitsidwa, ndipo pa zambiri bowo la HDMI lidalumikizidwa ku khadi yomweyo, moti sikirini yachiwiri siyaka.

Kusamalira. Zonse za ya pa tebulo, kuonjezera timavuto ta laputopu: trackpad, mabatani a kuwala, kuwerenga batire, ndi kugona. Laputopu yosakonzedwa bwino imadzuka yokha m'chikwama, mukamatsika minibasi pa depoti mupeza yatentha ngati mbatata yootcha, batire latha. Wi-Fi ya Intel imayenda ndi kext ya itlwm, koma AirDrop musayembekezere, chowerengera chala nachonso ayi. Ubwino wake ndi umodzi waukulu: batire ndi UPS kale, ndipo T480 ili ndi mabatire awiri, lina lochotseka.

Ziopsezo. Ambiri amafuna Windows ndi macOS pa SSD imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa: kulakwitsa pogawa disiki kumafufuta zonse, ndipo update ya Windows nthawi zina imalanda malo a OpenCore poyaka. Wophunzira amene dizeteshoni yake ili pa laputopu yomweyo asayese asanakopere zonse kwina. EFI yotola pa GitHub ya laputopu yonga yanu imathandiza kuyambira, koma BIOS kapena khadi ya Wi-Fi zikasiyana pang'ono ikana, ndipo mukaiwala kusintha siriyo nambala ndiye kuti mukugawana ndi anthu ena osawadziwa.

## macOS m'kati mwa Windows kapena Linux

Apa macOS imayenda pa windo ngati pulogalamu ina iliyonse, kudzera mu VMware, VirtualBox kapena QEMU.

Mtengo. Palibe chogula ngati muli ndi RAM ya 16 GB ndi malo pa SSD.

Kupezeka. Pafupifupi kompyuta iliyonse yamakono, ngakhale ya m'badwo wa 12 kapena ya NVIDIA, bola virtualization itsegulidwe mu BIOS.

Kusamalira. N'kosavuta kuposa Hackintosh. Musanasinthe kanthu mumatenga snapshot, zikavuta mumabwerera pomwe munali.

Ziopsezo. Laisensi ndi yomwe ija, yophwanyidwa. Vuto lenileni ndi lakuti macOS sifikira graphics card, ndiye chilichonse chimakwawa. Final Cut ndi Logic muiwale. Xcode imamanga app, koma Simulator ya iPhone idzakuyesani mtima. Akatswiri amapereka khadi ya AMD yathunthu kwa macOS kudzera mu Proxmox, koma kumeneko ndi kumanga Hackintosh kawiri.

## Mac yeniyeni ya kaunjika

Pano pali mitundu iwiri yosiyana ngati usana ndi usiku, koma pa Facebook yonse imangolembedwa "MacBook, clean". Pali ya Intel, pali ya tchipu ya M.

Mtengo. MacBook Air ya M1 idatuluka pa madola 999 mu 2020, Mac mini ya M1 pa 699. Mac mini ya M2 idatsika kufika 599 mu 2023, ndipo ya M4 idabwera kumapeto kwa 2024 pa 599 yomweyo ili ndi RAM ya 16 GB. Nambala imeneyi muisunge m'mutu pokambirana mtengo: wina akakutchulirani ndalama ya M1 ya kaunjika yoyandikira ya M4 yatsopano, ngakhale mutaonjezera msonkho wa ku MRA ndi ya wonyamula, akukudyerani. Mac mini ilibe sikirini, kiyibodi ndi mausi, koma za kompyuta yanu yakale zigwira. Za Intel ndi zotchipa, ndipo pali chifukwa chake. MacBook Pro ya 2012 idathera pa macOS Catalina, ya 2015 pa Monterey, ya 2017 pa Ventura. Tahoe imalandira ma Mac anayi okha a Intel: MacBook Pro ya mainchesi 16 ya 2019, ya mainchesi 13 ya 2020 ya mabowo anayi, iMac ya 2020 ndi Mac Pro ya 2019. Mapulogalamu nawo ndi ogula, kaya pa Mac kaya pa Hackintosh: Final Cut Pro madola 299.99, Logic Pro 199.99.

Kupezeka. MacBook za Intel zili mbwee. Air ya M1 nayo imapezeka. Mac mini ndi yosowa, kawirikawiri mpaka kuitanitsa, koma ndi kabokosi kolowa m'chikwama cha m'manja cha wobwera pa basi ya ku Joni kapena wotsika pa Kamuzu International Airport.

Kusamalira. Update mumangodina n'kukagona. Magetsi ndiye nkhani ina: Mac mini ya M1 siposa mawati 39 ngakhale itapanikizika, ikangokhala imadya osakwana 7. Kabatire ka sola kamene Hackintosh ya RX 580 ingakamalize msanga kayendetsa Mac mini nthawi yaitali. Air ya M1 ilibe fani, ndiye fumbi la chilimwe lilibe pokokedwera. Kuipa kwake kuli pa kukonza. Pa tchipu ya M RAM ndi yowotcherera, pa M1 SSD nayonso. Mukagula ya 8 GB ndi 256 GB mukhala nayo choncho mpaka kale, ndipo wa vidiyo ayesetse 16 GB ndi SSD yakunja. Sikirini ikasweka kapena tiyi akatayikira pa bodi, zigawo ndi zoitanitsa, zodula, ndipo odziwa kuwotcherera bodi ya Mac ndi ochepa.

Ya Intel yakale itha kutalikitsidwa moyo ndi OpenCore Legacy Patcher, ya gulu lomwe lija la Dortania, imene imakweza ma Mac a 2012 mpaka 2017 kufika pa Sequoia. Imagwira, koma mwabwereranso ku moyo wa zigamba pa update iliyonse. MacBook Pro za 2016 mpaka pakati pa 2019 zili ndi kiyibodi ya butterfly imene kanyenyeswa kamodzi kamaumitsa batani. Ndi fumbi lathuli ine sindingagule.

Ziopsezo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ma Mac a tchipu ya T2, ambiri a 2018 kupita m'tsogolo, ndi onse a M ali ndi Activation Lock: ngati mwini wakale sadachotse akaunti yake, tsiku limene mudzafufute zonse makinawo adzafuna pasiwedi yake, ndipo palibe mnyamata wa pa msika amene angaidumphe mokhalitsa. Ena ndi a makampani akunja, omangidwa ndi MDM, njira imene kampani imalamulira makina ake ili kutali. Choncho musalipire musanachite izi pamaso pa wogulitsa: afufute zonse, muyatse ngati yatsopano, mulumikize ku hotspot ya foni yanu, mudutse masitepe onse mpaka mulowe ndi akaunti yanu. Ikafunsa Apple ID ya munthu wina, kapena pakatuluka mawu oti Remote Management, bwezani. Wogulitsa akayamba za "ingotengani bwana, mukakonzera kunyumba", nyamukani. Onaninso cycle count ya batire, kutanthauza maulendo amene latchajidwa n'kutha. Apple imawerengera 1000 pa MacBook zamakono, ndiye ya 900 ndi yoti mutsitsire mtengo.

## Kubwereka Mac pa intaneti

Njira iyi ambiri saiganizira, chonsecho kwa olemba ma app ndiyo yotsika kwambiri. MacStadium, MacinCloud, Scaleway ndi Amazon ali ndi ma Mac enieni m'nyumba za maseva, inu mumalowamo muli pa Windows yanu. Palinso ongomanga app: GitHub Actions, Codemagic, ndi EAS Build ya Expo. Mumalemba app ndi Flutter kapena React Native, zida zopangira app imodzi ya Android ndi iPhone, pa laputopu yanu, mumatumiza code, Mac ya kutali imamanga n'kutumiza ku TestFlight, malo a Apple oyesera app pa iPhone.

Mtengo. Ena amalipiritsa pa ola, ena pa mwezi. Ku Amazon Mac imabwerekedwa maola osachepera 24 chifukwa laisensi ya Apple imatero. GitHub Actions ndi yaulere pa mapulojekiti oonekera kwa onse. Madola 99 a pa chaka a Apple Developer Program, olipira kuti app ilowe mu App Store, simuwathawa njira iliyonse.

Kupezeka. Lero lomwe, bola khadi la ku banki lilole. Apa mpamene pamatsamwa ambiri, chifukwa ndi kusowa kwa ndalama zakunja mabanki amachepetsa madola olipira pa intaneti. Yesani khadi lanu musanalonjeze kasitomala tsiku.

Kusamalira. Pafupifupi palibe. Kwa ongomanga app Xcode yatsopano amaika eni ake, magetsi ndi awo.

Ziopsezo. Laisensi apa ili bwino, makina ndi a Apple. Koma maseva ambiri ali ku America ndi ku Ulaya, ndiye mukasuntha mausi muno imayankha mochedwa. Kulemba code kumapiririka, nyimbo ndi vidiyo sizitheka. Tangoganizani kukweza ma GB 100 a ukwati pa bandulo. Netiweki ikagwa ntchito yaima, ndipo ma key osainira app yanu amakhala pa makina a anthu ena, choncho sungani kope lanu.

## Ndani atenge iti

Wojambula maukwati kapena wa situdiyo amene makinawo ndiwo munda wake: Mac ya tchipu ya M, ngakhale kudikira miyezi itatu mukusonkha. Ngati mumagwirira malo amodzi, Mac mini, ndipo ndalama ikafika pa M4 musabwerere ku M1 ya 2020. Ngati mumayenda ndi makina ku Salima ndi ku Dedza, Air ya 16 GB. Podikirapo, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere pa Windows ndipo imakondana ndi NVIDIA imene muli nayo kale. FL Studio, Cubase ndi Reaper zatulutsa nyimbo zambiri popanda apulo.

Wolemba ma app wa Flutter kapena React Native amene iPhone imamufunika kamodzi pa mwezi: Codemagic, GitHub Actions kapena EAS, kuphatikiza iPhone ya kaunjika yoyesera. Wophunzira Swift, chilankhulo cha Apple cholembera ma app, tsiku ndi tsiku ayambe ndi Mac yobwereka kapena macOS ya mu VMware kuti aone ngati akuikondadi, kenako asonkhere Mac mini. MacBook ya 2015 kapena 2017 asagule, popanda zigamba malire a Xcode adaipitirira kale.

Amene ali kale ndi OptiPlex kapena T480 ya m'badwo wa 8 mpaka 10, ali ndi SSD yachiwiri, amakonda kusula zinthu ndipo palibe kasitomala akumudikira: pangani Hackintosh, muphunzira zambiri za mmene kompyuta imayakira kuposa za m'kalasi. Windows isiyeni pa disiki yake. Makina omwewo amalandira Windows 11 mwalamulo, zimene zili zofunika popeza Windows 10 idasiya kuthandizidwa pa 14 Okutobala 2025, ndiye macOS ikadzafika pothera simudzataya chitsulo.

Woimba amene Hackintosh yake ikuyenda kale bwino: zimitsani ma update odzilowera okha, koperani EFI pa mafulashi awiri, musaikhudze mpaka alubamu itatha.

Wa shopu amene akuganiza zogulitsa makompyuta oika kale macOS: imeneyo ndiyo bizinesi yeniyeni imene Psystar idagwera, ndipo ngakhale Apple isakuoneni, makasitomala onse adzabwerera pakhomo panu tsiku la update.

Ndipo inu amene mukufuna macOS chifukwa cha maonekedwe basi, ka dock ka m'munsi ndi timabatani titatu ta mitundu, ikani Ubuntu kapena Linux Mint muiveke theme ya Mac. Ndi ntchito ya madzulo amodzi, iyenda ngakhale pa i5-1135G7 ija, ndipo Wi-Fi igwira tsiku lomwelo.